Kudzutsa Hilux imene inagona zaka zinayi

Aliyense amene wayendapo m'misewu ya m'mapuloti a ku Garneton, akapatuka pa msewu waukulu wa Kitwe ndi Chingola, anawaonapo magalimoto ogona. Aima kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango kapena wa mapeyala, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira m'bodi. Ambiri ndi mavaneti: Toyota Hilux, Isuzu KB, pena ka Nissan 1400. Ena mwa iwo anagulidwa ndi ndalama zopumira pantchito m'zaka zimene migodi ya ZCCM inkagulitsidwa, ntchito imene inatha m'chaka cha 2000, pamene anthu ambiri ochoka m'migodi anatembenukira ku khasu. Magalimotowo anagwira ntchito yawo, ndipo tsiku lina anaima, osayendanso.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, mayi wina amene anaphunzira ulimi wa ndiwo zamasamba pano anabwera ku shedi yathu ya makina. Kunyumba kwawo kunali Hilux ya dizilo, ya injini yotchedwa 3L, imene inali ya malemu amuna awo. Inali itaima zaka zinayi. Alamu awo ankafuna kuti igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, pamene iwo ulendo uliwonse wopita ndi tomato ndi repu ku msika wa Chisokone ankalipira galimoto ya hayala. Ndalama imene anali nayo m'manja inali imodzi yokha, ya feteleza.

"Aphunzitsi, ndiuzeni zoona," anatero. "Ndikaikamo ndalama imeneyi, kodi idzuka? Kapena nditaya zonse ziwiri, galimoto ndi munda womwe?"

Ndinawafunsa funso limodzi: "Amayi, tsiku limene inaima, inafika yokha pamalopo, kapena inachita kukokedwa?"

"Inafika yokha. Bambo anaiimika madzulo, m'mawa mwake ndi pamene tinapita nawo kuchipatala."

Yankho limenelo linali lamtengo wapatali kuposa chida chilichonse cha m'bokosi langa. Galimoto imene inachita kukokedwa ili ndi nthenda yake yakale, ndipo pamwamba pake pawonjezeka nthenda za kugona. Koma imene inafika yokha, injini yake inali yamoyo tsiku lomaliza. Chimene chaivuta chinachitika ili chiimire, ndipo zinthu zoonongeka galimoto ili chiimire n'zodziwika: mafuta, batire, mphira, ndi zimene makoswe atafuna. Zimenezi sizidya ndalama zambiri, malinga ngati munthu saononga zina zazikulu chifukwa chothamangira kumva injini ikulira.

Tisanagwire kiyi

Tinapita Loweruka m'mawa ndi ophunzira atatu. Tinapeza anyamata a pafupi atabwereka kale thirakitala ndi tcheni, akufuna kuikoka galimotoyo kuti ilire ili m'giya. Ndinawaletsa, ndipo sanakondwere nane.

Chifukwa chake ndi ichi. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto monga ya petulo. Imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndipo mu 3L pisitoni imapanikiza mpweyawo pafupifupi ka 22, motero danga lotsala pamwamba pa pisitoni n'lochepa zedi. Mpweya umapanikizika, koma madzi ayi. Ngati madzi a mvula kapena a mu rediyeta analowa mu silinda imodzi m'zaka zinayizo, thirakitala ikangokoka mwamphamvu ndodo ya pisitoni imapindika pomwepo, ndipo kukonza kwake kungapose mtengo wa galimoto yonse. Palinso lamba wa taimingi, wamphira, wokhala ndi mano, amene amasunga mgwirizano wa mapisitoni ndi mavavu. Opanga amati asinthidwe pa makilomita 100,000 alionse, komatu mphira umakalamba ndi zaka, ngakhale galimoto isayende. Lamba ameneyu akaduka injini ikuzungulira, pisitoni imamenya mavavu.

Motero tinayamba ndi maso ndi manja. M'bokosi la fyuluta ya mpweya munali chisa cha makoswe, chodzaza nsanza ndi makoko a mtedza, zimene injini ikanameza pa kulira kwake koyamba. Mawaya awiri anali otafunidwa. Oyilo pa kandodo koyezera anali wakuda bii, zimene zinatikondweretsa, pakuti akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi. Tinamasula mapulagi anayi otenthetsa, amene amakaniko amangoti mahita, n'kuthira kasupuni ka oyilo pa bowo lililonse. Titamwa tiyi amene amayiwo anatikonzera, tinaika giya pa nyutulo, n'kuyamba kuzunguza injini ndi sipanala pa boliti yaikulu ya pule ya kutsogolo. Poyamba inalimba, kenaka inavomera pang'onopang'ono. Tinaizunguza kawiri kathunthu, chifukwa m'pamene silinda iliyonse imamaliza ntchito yake yonse. Sinakakamire paliponse, ndipo m'mabowo simunatuluke madzi.

Apa ndi pamene ndinawalola amayiwo kutulutsa ndalama koyamba: ya lamba wa taimingi, oyilo, fyuluta ya oyilo, fyuluta ya dizilo, ndi dizilo watsopano malita 10. Za batire ndinati adikire.

Batire limene lakhala lopanda moto kwa miyezi yambiri silibwereranso, pakuti mapuleti ake amakutidwa ndi mchere wolimba umene chaja sichingausungunule. La zaka zinayi ndi lakufa, palibe chokambirana. Koma batire latsopano ndi ndalama yaikulu, ndipo si nzeru kuligula injini isanadzionetse kuti ili moyo. Bwerekani. Ife tinatenga la thirakitala ya anyamata aja, zimene zinawabwezera chimwemwe pang'ono. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 pa mita, likaonetsa 12.0 latsika kwambiri. Ndipo pamene sitata ikuzungulira, lisatsike kupitirira cha m'ma 10. Mitu ya batire ndi zomangira zake zikhale zoyera mbee, ndipo musaiwale waya wamkulu wochoka ku batire kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Waya ameneyu amachita dzimbiri mobisika, ndipo wanamizira masitata ambiri osalakwa.

Loweruka lotsatira, lamba ndi oyilo zitasinthidwa, tinatembenuza kiyi. Pamenepa khutu limathandiza kuposa sipanala. Kukakhala zii, magetsi a pa dashibodi osayaka, vuto lili pa batire, mawaya kapena fyuzi. Mukamva kamodzi kokha kuti tcha, koma injini osazungulira, moto ukufika wochepa kapena sitata yagwira. Injini ikamazungulira mwaulesi, dizilo sangayake, chifukwa mpweya wopanikizidwa mochedwa sutentha mokwanira. Ikamazungulira mwachangu koma osalira, tumizani mnzanu kumbuyo akayang'ane utsi. Utsi woyera wonunkha dizilo ukutanthauza kuti mafuta akufika koma kutentha kwachepa, ndipo poyambira ndi mahita: chotsani kachitsulo kowalumikiza, gwiritsani waya wa babu loyesera ku mutu wa pulasi wa batire, ndipo gusani nsonga yake pa hita iliyonse, imene babu siliyaka ndi yakupsa. Koma kukakhala kopanda utsi ngakhale pang'ono, ndiye kuti m'masilinda simukufika kanthu.

Hilux yathu inazungulira mwachangu, ndipo kumbuyo kunalibe utsi.

Zimene zinali m'thanki

Tinali tisanalumikize thanki, ndipo tinachita dala. Anthu ambiri amaganiza kuti dizilo saola. Amaola. Akakhala nthawi yaitali amada, n'kuyamba kusiya zomata ngati phula. Koma mdani wamkulu ndi madzi. Thanki imene ili ndi mafuta ochepa, mbali yake yaikulu ndi mpweya. Masana mpweyawo umatentha n'kutuluka, usiku thanki ikazizira imakoka wina wachinyontho, ndipo chinyonthocho chimasanduka mame m'makoma a thanki, monga chimachitira kunsi kwa malata m'mawa wa mu Juni. Kuno ku Copperbelt, kumene mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, zaka zinayi za mame otere si madzi ochepa. Madzi amalemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi, pomwe pali kamwa la paipi yokoka mafuta. Pamenepo thanki imachita dzimbiri, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamamera tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya mafutawo n'kusiya zonanda zakuda ngati ndere.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tinakhetsera mafuta a pansi pa thanki m'botolo la galasi n'kuliimika pamwala. Patapita mphindi 15 linagawika patatu: pamwamba dizilo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pakati kamzere ka zonanda zakuda, pansi madzi a dzimbiri. Ndinapereka botololo kwa amayi aja kuti alione padzuwa. Zimenezo zikanafika mu pampu ya dizilo, imene zitsulo zake zimakhudzana mothina kuposa kuonda kwa tsitsi ndipo zimadalira dizilo yemweyo kuti ziterere, bwenzi nkhani yathu itathera pomwepo.

Njira imene timaphunzitsa pano ndi yoika thanki pambali. Tengani chigubu choyera cha malita 5, thiranimo dizilo watsopano, chiikeni pamalo okhazikika pafupi ndi injini, ndipo lumikizani paipi yoonekera mkati kuchoka m'chigubumo kupita ku fyuluta yatsopano. Paipi yobweza mafuta otsala muilowetsenso m'chigubu momwemo. Mukatero mwadula vuto pakati: injini ikalira, mwadziwa kuti pampu ndi mainjekita zili bwino, ndipo chotsala chili kumbuyo, kumene zinthu n'zotsika mtengo.

Chifukwa chimene kunalibe utsi chinali mpweya. Pampu ya dizilo imakankha mafuta mwamphamvu yokwanira kutsegula injekita, koma m'mapaipi mukakhala mpweya, umangofinyika n'kubwerera ngati siponji, injekita osatseguka. Pamwamba pa fyuluta ya Hilux pali kapampu ka dzanja. Kanikizani mobwerezabwereza mpaka kalimbe; zingatenge nthawi, musatope. Kenaka tembenuzani kiyi kufika poyaka magetsi a pa dashibodi, wina atatchera khutu pa pampu. Pali kavavu ka magetsi kotchedwa solenoid, kamene kamatsegula njira ya mafuta, ndipo kayenera kumveka kuti tcha. Kwa ife sikanamveke. Waya wake unali umodzi wa iwiri imene makoswe anatafuna, ndipo wophunzira amene anaulumikiza anali atapotokola mkuwa wakuda osaupala. Ataupala n'kumanga bwino, kanalira.

Chotsatira chinali kumasula pang'ono manati a mapaipi achitsulo pamene amalowera mu mainjekita, ndi sipanala ya 17, n'kuzunguza injini mpaka thovu litatha ndipo dizilo weniweni wayamba kutuluka, kenaka n'kumanganso. Pano ndikuchenjezeni mwamphamvu. Mafuta a m'mapaipi amenewa amathamanga ndi mphamvu yoposa ka 40 ya mpweya wa m'tayala, ndipo angaboole khungu n'kulowa m'thupi. Kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma munthu angataye chala kapena dzanja. Musafufuze podontha ndi chala, ndipo nkhope ikhale kutali. Wina akalasidwa, apite kuchipatala nthawi yomweyo, akanene kuti ndi dizilo wa mu injekita.

Sitata musaiumirize kupitirira masekondi 15. Ipumitseni mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa imatentha msanga. Mankhwala opopera oyambitsira injini, amene amagulitsidwa m'tizitini, ine sindiwalola pa injini ya mahita: amaphulika nthawi isanakwane akakhudza hita yofiira, ndipo amathyola maring'i. Tinaikanso kathabwa kosalala pafupi ndi kamwa lolowera mpweya. Nthawi zina pampu imene yagona nthawi yaitali imagwira mkati, injini n'kuthamanga mopanda malire osamvera kiyi, ndipo njira yoizimitsira ndi kuitseka mpweya. Mutseke ndi thabwa, osati ndi chikhatho.

Pa kuyesa kwachitatu inatsokomola. Pa kwachinayi inalira, ikunjenjemera, utsi uli tolotolo mpaka nkhuku zinabalalika. Maso anga anali pa getsi la oyilo, limene liyenera kuzima m'masekondi ochepa. Likapanda kutero muzimitse injini msanga. Linazima. Amayi aja analowa m'nyumba osanena kanthu, ndipo anatulukamo patapita kanthawi. Anati phokosolo ndi limene ankamva m'bandakucha uliwonse amuna awo akamapita ku msika.

Vuto limene silidontha

Ndikanakonda kunena kuti ntchito inathera pamenepo. Tinatsitsa thanki, kuitsuka, kuiumitsa padzuwa, kupopa mapaipi ndi mpweya, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Injini inalira bwino. Patapita mphindi khumi inayamba kutsamwa, n'kuzima. Tinapopa kapampu ka dzanja, inaliranso, ndipo patapita mphindi khumi inazimanso. Anyamata aja anagamula mlandu: pampu yatha. Wina ananena kuti akudziwa munthu amene angaimasule pomwepo pansi pa mango.

Pampu ya dizilo simasulidwa pafumbi. Ikafunikadi kukonzedwa, ipite kwa akatswiri amene ali ndi benchi yoyesera, ndipo alipo ku Kitwe ndi ku Ndola. Koma ife tinali ndi umboni woti pampuyo ilibe mlandu, popeza pa chigubu inayenda theka la ola osadandaula. Chimene chinasintha ndi njira yochokera ku thanki basi. Tinaika kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pafupi ndi fyuluta, n'kuliza injini. Timathovu ta mpweya tinayamba kudutsa motsogozana ngati mikanda.

Ophunzira anagona pansi pa galimoto kufunafuna podontha, osapeza ngakhale dontho. Sakanalipeza. Pa injini imeneyi m'thanki mulibe pampu yokankha. Pampu ya pa injini ndi imene imayamwa mafuta kuchokera kumbuyo. Paipi yoyamwa ikang'aluka, mafuta satuluka kunja, koma mpweya ndi umene umalowa mkati, monga zimachitikira mukamamwa ndi kaphesi koboola. Paipiyo imakhala youma ndi yooneka bwino. Timathovuto timasonkhana mu fyuluta pang'onopang'ono mpaka pampu itayamba kumeza mpweya wokhawokha, ndipo n'chifukwa chake injini inkatenga mphindi khumi kuti izime. Tinaupeza mng'alu pa kapaipi ka mphira pamwamba pa thanki, pansi penipeni pa chomangira, ndipo unkaoneka pokhapokha ukakapinda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtengo wa kapaipiko sunafike ngakhale wa nkhuku imodzi.

Zizindikiro zomwezi, za injini yolira kenaka n'kuzima, zimabweranso ngati kabowo kopumira thanki katsekedwa, kawirikawiri ndi mavu oumba dothi. Injini ikazima, tsegulani chitsekerero cha thanki; mukamva mpweya ukuthamangira mkati, mwapeza. Kapampu ka dzanja nakonso kakakalamba kamalowetsa mpweya.

Pali chinthu chinanso chimene eni magalimoto akale ayenera kudziwa. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatsegulidwa mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri inkabweretsa mafuta okayengedwa ku Indeni, fakitale imene inayamba ntchito mu 1973. Kuyambira 2023 paipiyo imanyamula dizilo woyengedwa kale, wa sulufule wochepa. Dizilo ameneyu ndi wabwino kwa injini ndi kwa mapapo athu, koma timphira takale totsekera mafuta mu pampu, timene tinazolowera dizilo wa mtundu wina, nthawi zina timanyala tikakumana naye, n'kuyamba kuchucha. Mukaona pampu yanyowa patapita milungu ingapo, musaganize kuti yatha. Kawirikawiri ndi timphira tokha. Ndipo mutavutika chotere kutsuka thanki, musakathiremo dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene simudziwa ngati muli madzi kapena palafini.

Kwa amene vaneti yawo ndi ya petulo, monga Nissan 1400 imene inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, njira ndi yomweyi, kungoti petulo amaonongeka msanga kuposa dizilo. Mbali yake yopepuka imauluka, yotsalayo imanunkha ngati vanishi ndipo imatseka timabowo ta mu kabyuleta. Yambani mwaona ngati pulagi ikutulutsa moto wobiriwira. Ngati ayi, palani mapointi. Moto ukakhalapo, tsukani kabyuleta. Musathire petulo pakamwa pa kabyuleta wina akuliza injini, chifukwa lawi limabwerera.

Injini yolira si chilolezo cholowera mumsewu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho, choncho asinthidwe, ndipo mabulekiwo ayesedwe pabwalo. Kilatchi imamatirira ikakhalitsa. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza mlungu ndi chaka chimene linapangidwa: 2315 ndi mlungu wa 23 wa 2015. Tayala lokalamba, long'aluka m'mbali, lingaphulike ndi katundu ngakhale mano ake ali athunthu. Pomaliza pali mapepala a ku RTSA, msonkho wa msewu ndi satifiketi yoti galimoto ndi yoyenera kuyenda, pamodzi ndi inshuwalansi. Zimenezi ziwerengedwe kuyambira pachiyambi, pakuti pena zimadya ndalama kuposa kukonza kwenikweniko.

Ndipo inu amene mudzaimike galimoto kwa miyezi ingapo, mwina podikira nyengo yokolola, dzazani thanki, chotsani batire, siyani buleki ya dzanja yomasuka n'kutchinga matayala ndi miyala, ndipo pa milungu iwiri iliyonse muziiyendetsa mpaka itenthe bwinobwino. Kuiliza mphindi ziwiri n'kuzimitsa kumangowonjezera chinyontho mkati.

Amayi aja anagula batire pomalizira penipeni, ndi matayala awiri ogwiritsidwapo kale koma a zaka zochepa. Ndalama ya feteleza inachepa, ndipo chaka chimenecho anachepetsa munda wa chimanga kuti dimba lisaperewere. Matumba amene anakwanitsa kugula anawanyamula okha pa Hilux, mvula yoyamba ya mu Novembala isanagwe, mwana wawo wamkulu ali pa chiwongolero. Pampu yayamba kunyowa pang'ono pamwamba, ndipo akuti adzapita nayo kwa akatswiri tomato wa m'chilimwe akagulitsidwa. Alamu aja anabwera mwezi wathawu kudzaibwereka kuti akatute njerwa ku Itimpi. Amayiwo anavomera, koma anati dizilo akathire pa filing'i siteshoni, ndipo risiti abwere nayo.